Kodi 03/04/2021 ndi Epulo Kapena Malichi?

Mu fayilo ya kafukufuku wa thanzi la ana muli mzere wotere: nambala ya mwana, dzina la mudzi, kenako 03/04/2021, kenako msinkhu ndi kulemera kwake. Mlangizi wa zaumoyo amene anakopera deti limeneli kuchokera m'buku la kusikelo analibe chikayiko chilichonse. Mwanayo anabadwa pa 3 Epulo. Ndi mmene anthu amalembera ku Malawi, ku Zambia, ku Britain ndi m'mayiko ambiri: tsiku patsogolo, mwezi pakati, chaka kumapeto. Koma laputopu ya muofesi ikakhala kuti inabwera ndi makonzedwe a ku United States ndipo palibe anawasintha, imawerenga zilembo zomwezo kuti 4 Malichi. Mwanayo wakula ndi masiku 30 osadziwika kochokera, ndipo kompyuta siiliza belu kapena kuonetsa chenjezo lililonse.

Wina angati masiku 30 ndi ochepa. Nanga 11/01/2021? Mwana wobadwa pa 11 Januwale amasanduka wobadwa pa 1 Novembala. Akamuyeza msinkhu pa 25 Malichi 2022, mwana wa miyezi 14 amaoneka ngati khanda losakwana miyezi isanu. Miyezo ya bungwe la World Health Organization yodziwira ngati mwana ndi wopinimbira imayerekeza msinkhu wa mwana ndi miyezi imene wakhala ndi moyo. Choncho mwana wopinimbira akamuchotsera miyezi pafupifupi khumi, amatuluka m'matebulo ngati wamtali kuposa anzake onse. Lipoti limalembedwa, limasindikizidwa, akuluakulu amalikambirana pamsonkhano, ndipo mwana amene amafunika thandizo la chakudya saonekamo.

Nkhani ino ndi ya anthu amene amagwira data tsiku ndi tsiku: ophunzira amene akulemba kafukufuku womalizira maphunziro awo, makalaliki olowetsa mafomu, maofesala olondoloza ntchito m'mabungwe, madokotala ndi anamwino amene akuwerengera odwala awo. Mfundo yake ndi imodzi. Deti lochokera mu fayilo ya zilembo lisasiyidwe m'manja mwa makina kuti aganizire okha. Munthu ndi amene ayenera kuuza makinawo dongosolo la tsiku, mwezi ndi chaka, kenako n'kuona ngati amveradi.

Chiyambi cha vuto lonse n'chakuti mu fayilo ya CSV kapena TXT mulibe madeti. Muli zilembo basi, zolekanitsidwa ndi mpatuliro kapena mpata. Munthu akaitsegula mu Notepad amadzionera yekha kuti 03/04/2021 ndi zizindikiro khumi zondondozana, zosasiyana ndi dzina la mudzi limene lili pambali pake. Palibe paliponse pamene fayiloyo ikunena kuti 03 ndi tsiku kapena mwezi. Wodziwa zimenezo ndi amene analemba.

Mapulogalamu osanthula manambala nawo sasunga deti mmene maso amalionera. Amasunga nambala imodzi, yowerengedwa kuchokera pa tsiku limene opanga pulogalamuyo anasankha. Stata ndi SAS zimawerenga masiku kuyambira pa 1 Januwale 1960. Tsiku limenelo ndi 0, lotsatira ndi 1, ndipo 31 Disembala 1959 ndi -1. R imayambira pa 1 Januwale 1970. SPSS imawerenga masekondi, osati masiku, kuchokera pa 14 Okutobala 1582, nthawi imene kalendala ya Papa Gregory XIII inkayamba kugwira ntchito, pamene 4 Okutobala wa chaka chimenecho anatsatiridwa ndi 15 Okutobala. Excel imapatsa 1 Januwale 1900 nambala 1. Motero tsiku limodzi lomwelo, 1 Januwale 2021, ndi 22281 mu Stata, 18628 mu R ndi 44197 mu Excel. Kusunga madeti ngati manambala n'kwanzeru ndithu, chifukwa kupeza masiku amene wodwala anagona m'chipatala kumangokhala kuchotsera nambala ina pa inzake. Koma nambalayo ikasamuka kuchoka mu pulogalamu ina kupita mu ina popanda woiperekeza, imafika ili ndi tanthauzo lina.

Pali zinthu ziwiri zimene ongoyamba kumene amaziphatikiza: nambala yosungidwa ndi kaonekedwe kake pasikirini. Wophunzira amalemba format tsiku %td mu Stata n'kumaganiza kuti wakonza madeti. Lamulo limenelo silisintha chilichonse chimene chasungidwa, limangouza Stata kuti nambala imene ilipo kale iionetse ngati deti. Kolamu ikakhala ya zilembo, Stata imakana, ndipo kukana kumeneko n'kwabwino chifukwa munthu amadziwa kuti pali ntchito yoti agwire. Ikakhala ya manambala, Stata imavomera chilichonse. Nambala 44197 yochokera mu Excel imaionetsa kuti 2 Januwale 2081. R ikapatsidwa nambala yomweyo imati 3 Januwale 2091.

Komabe madeti ambiri amawonongeka asanafike n'komwe mu Stata kapena R. Amawonongekera mu Excel, pa kachitidwe kamene aliyense amachita osaganizira: kudina kawiri pa fayilo ya CSV kuti angoiona.

Zimachitika motere. Pa kompyuta ya makonzedwe a ku United States, Excel imayang'ana kabokosi kalikonse payokhapayokha. Ikapeza 03/04/2021 imati mwezi wachitatu, tsiku lachinayi, n'kusandutsa zilembozo kukhala nambala ya 4 Malichi. Ikapeza 25/04/2021 imaona kuti kulibe mwezi wa 25, n'kuzisiya zilembozo mmene zilili. Kolamu imodzi yakhala ndi mitundu iwiri ya zinthu. Masamu ake ndi osavuta. Mwezi uliwonse uli ndi masiku 12 oyambirira amene angawerengedwe mbali zonse ziwiri, kutanthauza masiku 144 pachaka. Mwa amenewa, 12 okha, monga 01/01 ndi 05/05, ndi amene sasintha akatembenuzidwa. Otsala 132 amasinthana tsiku ndi mwezi mwakachetechete, pamene masiku 221 a chaka cha masiku 365 amakhalabe zilembo. Deti limodzi mwa atatu alionse, kapena kuposerapo pang'ono, lasochera.

Pa nthawi imeneyi wa maso akuthwa akhoza kugwira vutolo. Madeti amene Excel yawasandutsa manambala amakhala chakumanja kwa kabokosi, amene atsala ngati zilembo amakhala chakumanzere, ndipo munthu akatambasula kolamuyo amaona mizere ikupita uku ndi uku. Ziro wa patsogolo nayenso amasowa: 03/04/2021 imaoneka kuti 3/4/2021 pamene 25/04/2021 ikadali ndi ziro wake.

Choopsa kwambiri chimabwera fayiloyo ikayenda. Kalaliki waiseva ngati fayilo ya Excel n'kuitumiza kwa bwana wake pa imelo. Kompyuta ya bwanayo ili ndi makonzedwe a ku Britain, choncho 4 Malichi uja akuoneka kuti 04/03/2021, ali ndi ziro wake, atafanana bwinobwino ndi 25/04/2021 amene ali pansi pake. Bwanayo akuisevanso ngati CSV kuti wosanthula ailowetse mu Stata. Tsopano kolamu yonse ndi yoyera, dongosolo lake ndi limodzi, pulogalamu iliyonse iiwerenga popanda kudandaula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe lamulo la Stata kapena R limene lingadziwe kuti 04/03/2021 wa mzere uwu ndi wabodza.

Wina asaganize kuti zimenezi zimagwera okhawo amene sanaphunzire mokwanira. Akatswiri a sayansi ya majini akhala akulimbana ndi khalidwe lomweli la Excel kwa zaka zambiri. Jini yotchedwa SEPT2 ikalowa mu Excel imasanduka 2 Seputembala, MARCH1 imasanduka 1 Malichi. Vutoli linalembedwa m'magazini a sayansi mu 2004. Mu 2016 Mark Ziemann ndi anzake ku Australia anafufuza mapepala a kafukufuku oposa 3,500 amene anali ndi mindandanda ya majini mu Excel, ndipo anapeza kuti pepala limodzi mwa asanu alionse linali ndi mayina owonongeka chotere. Atabwereza kafukufukuyu mu 2021 anapeza zolakwikazo m'mapepala pafupifupi atatu mwa khumi alionse. Mu 2020 komiti yopereka mayina a majini a anthu inali itasintha kale mayina 27: SEPT1 inakhala SEPTIN1, MARCH1 inakhala MARCHF1. Kampani ya Microsoft inadzaika njira yozimitsira kusintha kwa mtundu umenewu mu 2023. Ngati magazini otchuka, okhala ndi akonzi ndi owunika, anadutsitsa zolakwika zoonekeratu ngati zimenezi, nanga deti lotembenuzidwa, limene likuonekabe ngati deti, angaligwire ndani?

Njira yabwino imayamba ndi kudziletsa. Fayilo yoyambirira, imene yatsitsidwa kumene kuchokera pa seva kapena yachokera kwa olowetsa mafomu, isungidwe pamalo akeake ndipo isatsegulidwe mu Excel. Wofuna kuiona aitsegule mu Notepad kapena pulogalamu ina yongoonetsa zilembo, ayang'ane mizere ya kumayambiriro, ya pakati ndi ya kumapeto. Kumapeto n'kofunika chifukwa olowetsa data amasinthana, ndipo amene anabwera mochedwa akhoza kukhala kuti ankalemba mosiyana ndi anzake.

Polowetsa fayiloyo mu pulogalamu yosanthula, kolamu ya madeti ilowe ngati zilembo. Lamulo la import delimited la Stata lili ndi njira yotchedwa stringcols yochitira zimenezi, ndipo read.csv ya R ili ndi colClasses. Chifukwa chake n'chakuti mapulogalamu amenewa nawonso amaganizira akasiyidwa okha. PROC IMPORT ya SAS, ikapanda kuuzidwa zina, imayang'ana mizere 20 yoyambirira n'kugamula mtundu wa kolamu yonse. Fayilo ikakhala yosanjidwa kuyambira kumayambiriro kwa mwezi, mizere 20 imeneyo ikhoza kukhala yonse ya masiku osapitirira 12, ndipo SAS imasowa choiuza kuti tsiku ndi limene lili patsogolo.

Kenako pabwere kusandutsa, ndipo kuchitikire mu kolamu yatsopano, yakale ikhalebe pambali pake. Mu Stata munthu amalemba gen kubadwa = date(tsiku, "DMY"), kenako format kubadwa %td. Zilembo zitatu zimenezo ndizo mutu wa ntchito yonse, chifukwa ndi pamene munthu akunena chimene iye akudziwa ndipo makina sakuchidziwa. SAS ili ndi DDMMYY10. pa madeti oyamba ndi tsiku ndi MMDDYY10. pa oyamba ndi mwezi. SPSS imatcha dongosolo loyamba ndi tsiku EDATE, loyamba ndi mwezi ADATE, loyamba ndi chaka SDATE. Mu R amalemba as.Date(tsiku, "%d/%m/%Y").

R ili ndi misampha iwiri imene yagwetsa anthu ambiri, ndipo yonse siionetsa chenjezo. Woyamba ndi kuiwala kunena dongosolo. R ikapatsidwa 03/04/2021 popanda malangizo imayesa kuwerenga chaka poyamba. Imatenga 03 ngati chaka, 04 ngati mwezi, 20 ngati tsiku, 21 wotsalayo n'kumutaya, ndipo yankho limakhala 20 Epulo m'chaka cha 3. Msampha wachiwiri ndi wobisika kuposa pamenepo. Munthu akalemba %y wamng'ono m'malo mwa %Y wamkulu, R imayembekezera chaka cha manambala awiri. Pa 2021 imawerenga 20 n'kusiya zotsalazo. Madeti onse a 2021, 2022 ndi 2023 amasanduka a 2020, tsiku ndi mwezi zili zolondola, ndipo munthu woyang'ana mwachangu saona cholakwika.

Kusandutsa kukatha, sitepe yotsatira ndi kuwerenga zimene zalephera. Deti limene Stata yakanika kuliwerenga imaliika kadontho, R imaliika NA. Wosanthula afunse kuti ndi mizere ingati imene inali ndi zilembo mu kolamu yakale koma ilibe kanthu mu yatsopano, ndipo aione ndi maso mizere imeneyo. M'menemo ndi mmene mumapezeka 31/04/2021, tsiku limene kulibe, ndi 29/02/2021, ndi chilembo O cholembedwa m'malo mwa ziro, ndi mawu oti "sakudziwa". Mumapezekanso mayina a miyezi. Stata imamva Apr ndi April koma Epulo siimudziwa, ndipo fayilo yochokera ku Tete yolembedwa pa kompyuta ya Chipwitikizi idzakhala ndi abr, set, out ndi dez. Ambiri amangodumpha sitepe imeneyi, mizere yolepherayo n'kugwa yokha m'matebulo. Kafukufuku amene anayamba ndi anthu ochuluka amatha ndi ochepa popanda wofotokoza kumene enawo apita.

Zaka zolembedwa ndi manambala awiri zili ndi mavuto akeake. Dziko linawononga ndalama zambiri pokonza vuto limeneli chisanafike chaka cha 2000, koma m'mafomu a pamanja anthu akulembabe 15/06/48. Agogo obadwa mu 1948 amawerengedwa mosiyana ndi pulogalamu iliyonse. R imatenga 69 mpaka 99 kukhala zaka za m'ma 1900, 00 mpaka 68 kukhala za m'ma 2000, ndiye kuti agogowo adzabadwa mu 2048 ndipo zaka zawo zimatuluka ndi chizindikiro chochotsera patsogolo. Excel nthawi zambiri imadula pa 30: 48 imamuwerenga bwino kuti 1948, koma 27 imamupititsa ku 2027. Stata pano inachita mwanzeru. Imakana kuwerenga chaka cha manambala awiri mpaka munthu atanena yekha, mwina polemba "DM19Y", mwina popereka chaka chomalizira chimene deti silingapitirire, monga date(tsiku, "DMY", 2021). Pa masiku obadwa njira yachiwiriyi imathandiza chifukwa munthu sangabadwe kafukufuku atachitika kale. Komabe 20 akhoza kukhala khanda la 2020 kapena nkhalamba ya 1920, ndipo yankho limapezeka pokhapokha poyang'ana kolamu ina, monga ya zaka zimene munthuyo ananena.

Nthawi zina mu kolamu ya madeti simupezeka timizere konse, mumangokhala manambala. Apa funso loyamba n'lakuti nambalayi yawerengedwa kuchokera pati, ndipo ikuwerenga chiyani.

Manambala a madijiti asanu oyamba ndi 3 kapena 4 nthawi zambiri amakhala a Excel. Kuti akhale a Stata kapena SAS amachotsapo 21916, imene ndi nambala ya 1 Januwale 1960 mu Excel. Mu R amauza as.Date kuti chiyambi ndi 30 Disembala 1899. Wina angadabwe kuti bwanji osati 31 Disembala, poti 1 Januwale 1900 ndi 1. Chifukwa chake ndi cholakwika chakale. Pulogalamu ya Lotus 1-2-3, imene inatuluka mu 1983, inkawerenga 1900 ngati chaka cha masiku 366, pamene kalendala imati chaka chothera ndi maziro awiri chimakhala chotero pokhapokha chikagawika ndi 400. Excel inatengera dala cholakwikacho kuti mafayilo a Lotus azitseguka bwino, ndipo mpaka lero nambala 60 mu Excel ndi 29 Febuluwale 1900, tsiku limene silinakhalepo. Mafayilo akale a Excel opangidwa pa makompyuta a Macintosh amayambira 1904, ndipo amasiyana ndi enawo ndi masiku 1,462. Madeti onse a mu fayilo akasuntha ndi zaka zinayi ndi tsiku limodzi, gwero lake ndi limenelo.

Amene amagwiritsa ntchito data ya kafukufuku wa Demographic and Health Survey, amene ku Malawi amayendetsedwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba, amakumana ndi mtundu wina. Madeti ambiri m'mafayilo amenewa ali mu dongosolo lotchedwa CMC, limene limawerenga miyezi kuyambira Januwale 1900. Amachotsa 1900 pa chaka, n'kuchulukitsa ndi 12, n'kuwonjezera nambala ya mwezi. Kafukufuku wa 2015-16 anayamba mu Okutobala 2015, ndipo mwezi umenewo ndi 1390. Wophunzira akaika %td pa nambala imeneyi, Stata imamuuza kuti mayiyo anafunsidwa mafunso pa 22 Okutobala 1963. Choyenera ndi kuchotsa 721 n'kugwiritsa ntchito %tm, kaonekedwe ka miyezi. Momwemonso 202104 wochokera mu DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo malipoti a zipatala, ndi Epulo 2021, osati chiwerengero cha masiku.

Palinso manambala onga 20210403, chaka, mwezi ndi tsiku zitalumikizana. Amenewa asandutsidwe zilembo kaye, kenako awerengedwe ndi "YMD". Pakufunika kusamala powakopera mu Stata, chifukwa lamulo la gen likasiyidwa lokha limasunga manambala mu mtundu wotchedwa float, umene sutha kusunga molondola nambala iliyonse yopitirira 16,777,216. Nambala 20210403 ikakoperedwa chotere imasanduka 20210404.

Float yemweyu amavutitsanso pa madeti okhala ndi nthawi. Stata imasunga amenewa ngati tizigawo ta sekondi, 1,000 pa sekondi iliyonse, kuyambira 1960, ndipo manambala ake panopa ali pafupi ndi 2 thililiyoni. Akasungidwa mu float, nthawi imadumpha mphindi ziwiri ndi masekondi 11 nthawi imodzi. Wofufuza amene akuyeza kutalika kwa nthawi imene odwala amadikira pamzere sangagwire ntchito ndi manambala otero. Mankhwala ake ndi mawu amodzi: alembe gen double pogwiritsa ntchito lamulo la clock.

Matabuleti abweretsa mpumulo waukulu, chifukwa ODK ndi KoboToolbox zimatulutsa madeti oyamba ndi chaka. Koma nthawi imene zimalemba zokha imabwera ndi mchira, monga 2021-04-03T01:20:00.000+02:00. Mchira wa +02:00 ukunena kuti nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC. Malamulo ena, monga ymd_hms a mu lubridate ya R, amabweza nthawiyo ku UTC akapanda kuuzidwa zina, ndipo 01:20 wa pa 3 Epulo amakhala 23:20 wa pa 2 Epulo. Kwa wofunsa mafunso masana, deti silisintha. Ku wodi ya amayi oyembekezera, kumene ana amabadwa usiku wonse, aliyense wolembedwa pakati pa 12 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha amabwerera ku dzulo, ndipo pa 1 pa mwezi amagwera mu lipoti la mwezi watha.

Pali nkhani ina imene si ya makina konse. Anthu ambiri achikulire sadziwa tsiku lenileni limene anabadwa. Amakumbukira chaka, kapena amakumbukira kuti kunali njala, kapena kuti anali atayamba kale sukulu pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964. Fomu ikaumirira deti lathunthu, wolemba amadzaza yekha. Ena amaika 1 Januwale, ena 1 Julayi, ena 15 wa mwezi umene watchulidwa. Mafunso a Demographic and Health Survey anapewa zimenezi polola 98 pa mwezi wosadziwika ndi 9998 pa chaka chosadziwika, ndipo OpenMRS, pulogalamu yosungira mbiri ya odwala, ili ndi malo olembapo kuti tsiku lobadwa n'longoyerekeza. Wosanthula ayenera kulemekeza kusiyana kumeneku. Kudzaza tsiku pamene panalibe n'kololedwa ngati ntchito ikufuna, koma pakhale kolamu ina yonena kuti deti ili ladzazidwa, ndipo lamulo lodzazira lilembedwe mu lipoti. Kusandutsa 99/99/9999 kukhala deti looneka lenileni popanda kusiya chizindikiro ndi kunamiza wowerenga, ngakhale wochitayo alibe cholinga choipa.

Zonse zikaoneka kuti zatheka, madeti ayesedwe. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi zochepa. Deti laling'ono kwambiri ndi lalikulu kwambiri zigwirizane ndi nthawi imene kafukufuku anachitika. Mulu wa mizere pa 1 Januwale 1960, 1 Januwale 1970 kapena chakumayambiriro kwa 1900 umasonyeza kuti ziro walowa pamene panali mpata wopanda kanthu. Tebulo la masiku a pamwezi liyenera kufika 28, 30 kapena 31, ndipo likathera pa 12 ndiye kuti madeti onse opitirira pamenepo atayika. Tebulo la miyezi likaonetsa Julayi ndi Ogasiti pa kafukufuku amene anachitika kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale, ndiye kuti tsiku ndi mwezi zasinthana. Masiku a pasabata amaululanso zambiri: sikelo imene imachitika Lachitatu lililonse singakhale ndi ana oyezedwa Lamlungu. Kenako pali dongosolo la moyo weniweni. Munthu amabadwa asanalandire katemera, amagonekedwa asanatulutsidwe, amayezedwa magazi asanayambe mankhwala otalikitsa moyo. Mzere uliwonse wophwanya dongosolo limeneli utulutsidwe ndi kuonedwa.

Nanga ngati kuwonongeka kwachitika kale? Fayilo ya Excel ikakhala kuti ikadalipo mmene inasevedwera koyamba, pali chiyembekezo, chifukwa timabokosi tamanambala ndi tazilembo timasiyanitsika. Lamulo la ISNUMBER limatisonyeza, ndipo tsiku ndi mwezi zikhoza kubwezeretsedwa m'malo mwake pa tamanambalato. Izi zimagwira pokhapokha pali umboni woti olowetsa onse ankayamba ndi tsiku. Fayilo ikakhala kuti yadutsa pa makompyuta angapo n'kubwereranso ku CSV, kusankha mzere ndi mzere kuti uwu ukuoneka wotembenuzidwa, uwu ayi, si kukonza koma kulosera. Njira yoona ndi kubwerera ku fayilo yoyambirira ya pa seva, ndipo ikasowa, ku mafomu ndi makaundula a mapepala. N'zotopetsa, ndipo zikhoza kudya masabata, koma wofufuza amene akufuna kuika dzina lake pa zotsatira alibe njira ina.

Kukonza konse kulembedwe mu do-file ya Stata, script ya R kapena syntax ya SPSS, osati kuchitidwa ndi dzanja m'timabokosi. Deti limodzi likasinthidwa chifukwa kaundula wasonyeza zina, mzere wosinthawo ukhale ndi nambala ya munthuyo ndi chifukwa chake. Pakatha chaka, wina akadzafunsa chifukwa chimene mwana uyu ali ndi tsiku lobadwa losiyana ndi la mu fayilo yoyambirira, yankho lidzapezeka.

Gawo lalikulu la mavuto onsewa likhoza kupewedwa fomu isanapite kumudzi. Muyezo wa ISO 8601, umene unasindikizidwa koyamba mu 1988, umati deti lilembedwe chaka cha manambala anayi poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku: 2021-04-03. Stata, SAS, SPSS ndi R zonse zimaliwerenga mosavuta, ndipo ngakhale likhale zilembo chabe limasanjika m'ndondomeko yoyenera. Pa mafomu a mapepala, timabokosi titatu tolembedwa kuti tsiku, mwezi ndi chaka, ta chaka tili ndi malo a manambala anayi, timachotsa chikayiko chimene mzere umodzi wopanda malangizo umabweretsa.

Pempho likupita kwa aphunzitsi a m'makoleji ndi kwa oyang'anira kafukufuku m'mabungwe ndi m'zipatala. Musanafunse wophunzira kapena ofesala wanu za zotsatira, mufunseni kuti akuonetseni fayilo yoyambirira, mzere umene anasandutsira madeti, ndi chiwerengero cha madeti amene analephera kuwerengeka. Ngati sangathe kuonetsa zitatuzi, lipotilo lidikire kaye.